Ndinkalawa Mabotolo a Alendo

Asalamu aleikumu, amayi anzanga. Amene si Asilamu, moni nonse.

Ndisanayambe, mafoni onse abwere pathebulopa, muwayang'anitse pansi. Inunso mayi a mpango wobiriwira kukonako, ndaiona, ili pantchafu. Sikuti ndikudana nanu. Sindikukudziwani basi, ndipo munthu amene sindikumudziwa ine sindimukhulupirira. Amene ndikumudziwa ndiye kuposa apo. Halima, mwini chipinda chino, wandikakamiza miyezi inayi kuti ndidzayankhule. Lero ndabwera.

Ndine Abiti Jafali, kwathu ndi ku Ntaja. Ndili ndi adzukulu atatu, mayi wawo anatisiya, akukhala ndi mng'ono wanga. Ku Dubai kuno ndatha zaka zisanu ndi zinayi. Ndinabadwira m'Chisilamu, ndipo mpaka imvi kutuluka mowa ndinali ndisanaulawe, ngakhale thobwa likangoyamba kusasa ndinkataya. Ndanena izi kuti wina asadzinamize kuti zoterezi zimagwera atsikana a m'mahotela okha. Ine ndinaledzera ndili gogo, masanasana, munthu wodwala ali m'manja mwanga.

Ntchitoyo ndinaipeza konkuno ku Al Nahda, m'nyumba zosanja zoyang'ana msewu wa ku Sharjah, fulati ya pamwamba penipeni. Madamu anali Mmwenye wa ku Kerala, ankagwira ntchito kubanki. Ankanyamuka m'mamawa kuthawa mndandanda wa magalimoto, kubwera dzuwa litalowa. Ine wanga unali udindo wosamala bambo awo. Tsiku loyamba ndinapeza nkhalamba yayikulu thupi itakhala pafupi ndi zenera, ndevu zapamlomo zoyera, dzanja lamanzere lili lende, pakamwa papotokera mbali imodzi. Sitiroko. Madamu anandifunsa ngati ndikuwadziwa. Ndinati ayi. Anaseka, nati, "Ndinu woyamba."

Dzina lawo sinditchula, ngakhale mundifunse bwanji. Koma mutapita pa kafiteriya iliyonse pansipa n'kulitchula kwa wothira tiyi, asiya ketulo ikuwira. Anali katswiri wa mafilimu a chiyankhulo chawo, Chimalayalamu. Anayamba ngati wonyamula mipando ndi nyale m'gulu la zisudzo loyendayenda m'midzi, kugona m'makalasi. Tsiku lina wosewera wina anatsegula m'mimba, iwo analowa m'malo mwake, ndipo sanatsikenso. Kenaka mafilimu. Poyamba anali chigawenga chomenyedwa mphindi ziwiri, kenaka mnzake wa mwini filimu, kenaka mwini filimu weniweni, kwa zaka makumi atatu ndi kanthu. Akuti filimu yawo ikamatuluka anthu ankaimika chithunzi chawo chachitali ngati nyumba, n'kukwera makwerero kukachithira mkaka pamutu. Mkaka weniweni, amayi anzanga, wothira mu tiyi. Kenaka kunabwera anyamata atsopano, iwo anasanduka bambo wa mwini filimu, kenaka agogo ake, mpaka tsiku lina anagwa kamera ikujambula, anthu n'kumaombera m'manja poyesa kuti ndi sewero.

Nditamva mbiriyi mtima wanga unati, chenjera nayeni uyu. Munthu amene wanenepa chifukwa chonama ndi nkhope. Tinkamvana m'Chingerezi, chawo chopotoka ndi sitiroko, changa chopotoka chibadwire. M'mawa uliwonse ankaonera mafilimu awo akale, ine ndikusita pambali. Tsiku lina ndinawaona pa TV akulira mamina ali chuchuchu.

"Apa mukulira chiyani, Bwana?"

"Andiphera mwana wamwamuna."

"Munali naye mwana wamwamuna?"

"Ayi."

"Ndiye misoziyo yachokera kuti?"

Anandiyang'ana osaphethira. Diso lakumanja linatulutsa msozi umodzi, unatsika mpaka m'ndevu. Kenaka anaseka. "Linalo musaliyembekezere, linapuma pantchito."

Ndinati, "Ndinu wabodza." Anasangalala ngati ndawapatsa mphatso.

Tsiku lawo linali Lamulungu. Madamu ankapita kokagula zinthu, phokoso la alendo silinkawakomera. Masana belu linkayamba kulira. Oyendetsa takisi, othira tiyi, owotcherera zitsulo ochokera m'makampu a ku Sharjah, ena atakwera mabasi awiri. Ankavula nsapato pakhomo, kugwada, kugwira mapazi a Bwana. Kwawoko ali ndi mwambo woti munthu wolemekezeka amamufunditsa pamapewa nsalu yoyera ya m'mphepete mwagolide, onse akuona, n'kuomba m'manja. Nsalu zoterezi zinadzaza kabati yonse. Kenaka wina ankayamba mawu a m'filimu, Bwana n'kumalizitsa, nyumba yonse n'kugwedezeka. Lamulungu pakamwa paja pankawongoka. Likafika Lolemba ankayamba kundifunsa kuti kwatsala masiku angati.

Vuto linali limodzi. Bwana m'masiku awo anali chidakwa, ndipo dokotala ananena kuti akangomwanso, sitiroko yachiwiri sidzawasiya. Madamu anandiuza kuti botolo lisalowe m'nyumbamo. Ine ntchito yoteroyo ndiye ndinabadwira. Ndinkaima pakhomo kusecha jumbo iliyonse, thumba lililonse, ngakhale m'kati mwa nsalu zopindazo. Wamkulu wa alendowo, woyendetsa takisi wina dzina lake Rajan, anandipatsa dzina loti Kasitomu, poti ndinkawakumbutsa osecha katundu a pabwalo la ndege kwawo. Dzinalo linamera mizu, Bwana yemwe ankandiitana choncho.

Koma panali mabotolo amene Madamu ankalola, a mankhwala azitsamba a kwawo, madzi akuda ngati kokakola wophwa. Aliyense wochokera kutchuthi ankabwera nalo limodzi. Mankhwalawo pawokha amanunkha ngati zosasa, mphuno singakuuzeni kanthu. Ndipo ena mwa anthu aja, chifukwa cha chikondi chopusa, ankakhuthula mankhwala n'kuthiramo bulande.

Ndinamufunsa Rajan kuti muli chiyani umu. Analumbira pa ana ake kuti ndi mankhwala. Munthu akalumbira pa ana ake ine ndiye ndimakayika kwambiri. Ndikanatha kungokana mabotolo onse. Ndikanatha kuwasungira Madamu kuti aone okha. Koma ndinati anthu awa ndi amodzi, chiyankhulo chimodzi, adzagwirizana kumbuyo kwanga. Choona ndi chimene lilime langa landiuza. Ndiye ndinayamba kulawa. Kadontho palilime, n'kulavulira mu sinki. Ndinati Mulungu akuona cholinga.

Botolo la Rajan linali bulande. Linandiwotcha mpaka m'makutu. Ndinalanda. Lamulo linali loti ndikhuthulire mu sinki, koma ndinaganiza kuti ndikataya, tsiku lina adzati ndinagulitsa. Ndisunge ngati umboni. Ndinaliika mu sutikesi pansi pa bedi. Lamulungu lotsatira linabwera lina, kenaka awiri. Madamu nthawi yoona umboni wangawo analibe.

Ndikuuzeni za kachipinda kanga, ngakhale ambiri a inu mukukadziwa, mumagona m'kotero. Kuseri kwa khitchini, kopanda zenera, bedi kukhudza khoma uku ndi uku, makina ochapira ali kumutu. Tsiku langa lopuma ndinalikana ndekha, poti sindinkafuna mlendo agwire mankhwala a Bwana. Miyezi isanu ndi itatu sindinatsike pansi kupatula kokataya zinyalala. Halima uyu ankaimba, ine osayankha, ndimati akufuna kanthu. Kuyambira thu koloko mpaka folo Bwana ankagona, nyumba yonse n'kungoti zii, eyakoni yokha ikung'ung'udza. Maola awiri amenewo ndiwo anandidya.

Tsiku lina masana ndinaimba kumudzi pa vidiyo. Mdzukulu wanga womaliza, amene ndinamusiya akukwawa, anandiyang'ana n'kuthawira kumbuyo kwa mng'ono wanga, nati, "Agogo, mayi awa ndani?" Onse kumeneko anaseka. Nanenso ndinaseka. Nditadula foni ndinakoka sutikesi ija, ndinati ndione ngati umboni wanga sunaphwe. Tsiku limenelo sindinalavule.

Zotsatira zake sizifuna nthawi yambiri. Chivindikiro chimodzi chinakhala ziwiri, ziwiri zinakhala theka la kapu. Ndinayamba kutafuna iliki, timbewu tonunkhira tija amathira mu tiyi. Swala ya Asiri, pemphero lija la dzuwa litapendeka, inayamba kundidutsa, poti sindikanaima pamkeka pakamwa pali potero. Kenaka ya Magharibi, kenaka mkeka unangokhala wopinda pamwamba pa makina. Pakhomo ndinakhala wankhanza kuposa kale, alendo ankandiopa, Madamu ankandiyamikira kwa anzawo. Botolo likapezeka kuti ndi mankhwala enieni ndinkakhumudwa. Tinali anthu awiri m'nyumba imodzi, tonse tikuwerenga masiku kuti Lamulungu lifike, aliyense ndi chifukwa chake.

Linali Lachitatu, folo koloko. Nthawi imeneyo Bwana ankayenera kuyenda, kuchoka pampando kukafika pachitseko n'kubwerera. Ndinkawamanga lamba wamkulu m'chiuno, ine n'kugwira lambayo kumbuyo. Ntchito yonse ndi yomweyo, osasiya lamba. Tsikulo ndinali nditapitirira theka la kapu. Tinafika pachitseko bwinobwino. Potembenuka, ndinaona dzanja langa lili m'malere, lafumbata mphepo. Sindikudziwa kuti ndinasiya nthawi yanji. Anagwa chammbali, anakokera kabati ya mphoto zawo, kachifanizo ka mkuwa kanagwa n'kuwacheka pamwamba pa diso.

Magazi anali ambiri. Ndinayesa kuwadzutsa, miyendo yanga inakana, ndinangokhala pansi pambali pawo. Wotchi imene ankavala inali yoti akagwa imaimbira Madamu yokha. Ndinamva mawu a Madamu akutuluka pamkono pawo, akuti akunyamuka pompo. Msewu wa masana, mphindi makumi atatu, mwina makumi anayi.

Ndinang'amba nsalu n'kutsindira pabala. Ndinaona viza yanga ikufufutidwa, ndinaona polisi, ndinaona ndikutsika basi pa Ntaja anthu akunong'onezana kuti Abiti Jafali, uja ankadzudzula ana a eni, anamuthamangitsa chifukwa cha mowa. Bwana anali chigonere pa matailosi, diso limodzi lotseguka, akundiyang'ana.

"A Kasitomu, katengeni botololo."

"Botolo lanji, Bwana?"

"Musandichedwetse. Miyezi itatu ndakhala ndikukuonani."

Ndinafunsa kuti adziwa bwanji, poti fungo ndinkalibisa.

"Kapu. Kale munkangoitsitsa pathebulo, gwa, tiyi n'kutayikira. Masiku ano mumaiika ndi manja awiri, pang'onopang'ono ngati dzira. Bambo anga ankaika choncho akachokera komwa. Ine ndinawabera kaikidwe kameneko, ndinapita nako mu filimu, anandipatsa kachitsulo aka kandichekaka. Yalla, katengeni."

Ndinapita mogwira khoma. Nditabwera nalo ndinkaganiza kuti amwa, ndipo ndikuuzeni zoona, ndikanawapatsa. Koma anati ndiwathire m'dzanja. Anapaka m'ndevu, anapaka pa malaya, anachukucha pang'ono m'kamwa n'kulavulira pa nsalu. Anati botololo ndiliike pansi pa khushoni ya mpando wawo, khosi lake lizionekera pang'ono.

"Tsopano kasambeni kumaso. Akabwera muime kutali, cha kukhitchini. Musayankhule zambiri. Kusewera simutha, ndiye musayese."

Madamu analowa akupuma mofulumira, nsapato zili m'manja. Anagwada, anaona bala, kenaka anakweza mutu. Fungo linali litawafika. Apo ndiye ndinaona chimene anthu aja ankathirira mkaka. Munthu wakufa mbali imodzi, ali pansi, analedzera ndikuona, wosamwa dontho. Sanachite zija za kudzandira ndi kukuwa. Ankayesetsa kuoneka wabwinobwino, akukonza kolala, akusankha mawu limodzilimodzi mwaulemu wopitirira. Kenaka anawaitana Madamu ndi dzina la malemu mayi awo, nawapepesa kuti abwera mochedwa.

Madamu sanakalipe. Nkhope yawo inabwerera kukhala ya kamtsikana. Anapita molunjika pampando, anakweza khushoni, ngati munthu amene anazichitapo kambirimbiri ali mwana.

"Wabweretsa ndani?"

"Anthu anga amandikonda," anatero Bwana.

"Khalas, basi. Sadzalowanso aliyense muno."

Atamanga bala, anaimbira alonda a pansi kuti mlendo wa fulati yathu asadzakwerenso lifiti. Kenaka anabwera kukhitchini, anandigwira dzanja. Ndinatembenuzira nkhope kumbali. Anati, "Pepani amayi, musadziimbe mlandu. Akupusitsani inu miyezi yochepa, mayi anga anawapusitsa moyo wawo wonse."

Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ndinagona ndikufunsa kuti nkhalambayi ikufuna chiyani. Palibe amachitira mnzake zotere mwaulere. Ndinati andigwira pakhosi tsopano, mawa ayamba kundipempha kachivindikiro. Mawa linafika, sanapemphe. Mlungu unatha. Ndinalephera kupirira, ndinawafunsa.

"Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Tiyi."

"Musandizungulitse, Bwana. Munachitiranji zija?"

"Zaka zisanu palibe wandipatsa gawo m'sewero. Munaona mmene ndinakonzera kolala?" Anadikira kuti ndiseke. Sindinaseke. Ndiye anati, "Akanakuchotsani, akanandibweretsera wa kwathu, wondisambitsa uku akulira kuti taonani mmene wathera munthu wamkulu. Inu mumandiuza kuti ndine wabodza. Ndinazolowera."

Lamulungu loyamba anandiuza kuti ndiwaveke nsalu yawo yoyera ya m'chiuno ndi malaya osita. Anakhala moyang'ana chitseko kuyambira masana. Ankaganiza kuti mwana wawo afewa mtima. Belu silinalire. Ine pazenera ndinkaona pansi, timagalimoto ngati nyerere, takisi ya Rajan ili pambali, anthu khumi ndi angapo ataima ndi majumbo padzuwa lija, akuyang'ana m'mwamba, mlonda akupukusa mutu. Sindinawauze. Lamulungu lachiwiri anabwera ochepa. Lamulungu lachinayi anali Rajan yekha.

Bwana anasiya kuonera mafilimu. Anakana kumangidwa lamba. Chakudya chinkabwerera mmene chapitira. Pakamwa paja panapotoka mpaka mawu awo sindinkawamvanso bwino. Madamu anabweretsa dokotala, dokotala anawonjezera mapilitsi. Ine ndinkadziwa mankhwala ake, ndinali nditawakhalira. Ndipo apa mvetserani bwino, poti ndi pamene pali manyazi anga enieni. Milungu yonse imeneyo ndinkamwabe. Thu koloko ikakwana ndinkatseka kachitseko kanga. Munthu akufota m'chipinda china chifukwa cha mlandu wanga, ine ndikudandaula kuti sutikesi ikuchepa ndipo atsopano sakubwera.

Lamulungu lachisanu ndinatsika kukataya zinyalala, ndinakumana ndi Rajan kuseri, pa zibini. Bambo wamkulu, wa ana akuluakulu, atandiona anagwira manja pamodzi.

"Amama, akupeza bwanji?"

"Alipo."

"Botolo lija linali langa, ndikudziwa. Mwina linakudutsani tsiku lina. Ndawapha ndine." Ankalira osabisa nkhope. Ananditambasulira jumbo. "Muno muli nsalu yokha. Sechani. Mungokawafunditsa, munene kuti yachokera kwa ife tonse."

Ndinasecha. Ngakhale pamenepo ndinasecha, ndinaifunyulula yonse pa zibini pomwepo. Inali nsalu yokha.

Ndinakwera nayo. Bwana anali pampando, moyang'ana chitseko. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndinawafunditsa pamapewa mmene ndinkaonera anthu aja akuchitira, ndinati yachokera kwa Rajan ndi anzake. Anaigwira m'mphepete ndi dzanja labwinolo, anaisisita pang'ono. Kenaka anaikoka, inagwera pansi.

"Nsalu iyi safundira kuzizira, a Kasitomu. Pamafunika anthu oona."

Ndinaitola, ndinaipinda. Ndinayang'ana chipinda chija, mipando isanu ndi umodzi yopanda munthu, ndi ine, mboni imodzi yokha, yonunkha iliki. Moyo wanga wonse ndakhala ndikulondera anthu kuti asandibere. Amuna anga anandinamiza, amene ananditumiza kuno anandinamiza, ndinalumbira kuti wachitatu sadzapezeka. Ndipo wakuba m'nyumba imeneyo ndinali ine. Nkhalambayi inatsala ndi tsiku limodzi pa mlungu, ndinalitenga.

Ndinalowa m'kachipinda kanga, ndinakoka sutikesi ija mpaka pabalaza, ndinaitsegula. Bwana ataiona anati, "Bwezani. Muwononga sewero langa." Ndinakhala pansi pambali pake kudikira.

Madamu analowa ndi majumbo a zogula. Ndinanena zonse nditaima, kuyambira kadontho koyamba mpaka lamba. Sindinakongoletse. Bwana anayesa kundidula, anati, "Akunama awa, dzuwa lawapweteka." Koma mabotolo anali pamenepo, ambiri opanda kanthu.

Madamu anatsitsa majumbo. Sanayang'ane ine, anayang'ana bambo awo.

"Ndiye tsiku lija simunamwe?"

"Ngakhale dontho."

"Munandiitana dzina la amayi."

"Pankafunika kuti ukhulupirire."

Anakhala pampando, anaphimba nkhope ndi manja. Analira nthawi yayitali, ndipo palibe mwa ife awiri amene anali ndi ufulu wowatonthoza. Bala limenelo ndinalitsegula ndine ndi bambo awo, ndipo sindikudziwa ngati linapola.

Atapukuta maso anandiuza kuti bambo awo sangawasiyenso m'manja mwanga. Sindinatsutse, inenso sindikanadzisiyira. Anati kupolisi sapita, andipatsa mwezi umodzi, viza andilola kusamutsa, koma lamba uja sindidzamugwiranso, abwera namwino masana. Ndinafunsa chinthu chimodzi chokha, za alendo. Anati, "Abwere. Pakhomo ndiima ndekha."

Mabotolo otsala ndinakhuthulira mu sinki tsiku lomwelo, Madamu ataima pambali, poti ndekha sindikanadzikhulupirira. Masiku anayi ndinanjenjemera, thukuta, kusanza, mtima kugunda ngati ukufuna kutuluka. Musadzayese kupirira nokha mmene ndinayambira ine. Tsiku lachiwiri Madamu ananditengera kukiliniki, ndipo dokotala atandifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji, ndinatsala pang'ono kuchepetsa. Ndinanena zoona. Sanadzidzimuke n'komwe, zikuoneka kuti agogo ovala mpango amene amamwa mobisa si ine woyamba.

Chovuta kuposa kunjenjemera chinali kuimbira Halima. Ndinayembekezera kuti pofika madzulo nkhani ikhala itafika ku Deira, mawa lake ku Ntaja. Anangoti, "Mwadya?" Anabwera ndi chakudya. Mpaka lero ndikudikirabe kuti ndimve nkhani yanga kwa munthu wina, sindinaimve. Ndinamupatsa chilolezo choti atsegule chikwama changa nthawi iliyonse imene wafuna, ndipo amatsegula, alibe manyazi mwana ameneyu. Nthawi iliyonse zimandiwawa, ndipo nthawi iliyonse ndimamusiya.

Mng'ono wanga ndinamuuza ndekha. Nditamaliza anati, "Achemwali, muziimba kawirikawiri, mwanayu akuzolowereni." Swala ndinayambira pa Asiri, imene inayamba kutayika. Tsiku loyamba ndinaima pamkeka mawu osatuluka.

Pano ndikugwira ku Al Barsha, ndikusamala mayi wina wokalamba. Ndinawauza ana ake za mbiri yanga ndisanalowe m'nyumba. Nyumba ziwiri zinandikana chifukwa cha zimenezo, yachitatu inandilandira. Kuyambira thu mpaka folo sindilowa m'chipinda changa, ndimakhala pakhitchini chitseko chili pululu, kusankha mpunga ngakhale wosankha kale. Tsiku lopuma ndimatuluka, ndifune ndisafune. Papita chaka ndi miyezi iwiri chisiyireni mowa. Sindikunena kuti ndachira. Lero sindinamwe, mawa inshallah.

Wina pano ali ndi kake pansi pa bedi. Sindikuloza munthu, ngakhale maso anga aona kale awiri. Mwina si botolo, mwina ndi mapilitsi a madamu ogonetsa aja. Mukuti palibe akudziwa, palibe akupwetekeka. Ine ndikuti mukabwerera kuntchito mukayang'ane bwino m'nyumbamo. Alipo amene akusenza katundu wanu mwakachetechete, mwina mwana amene mumalera, mwina mnzanu amene akukalipiridwa m'malo mwanu.

Tsiku langa lomaliza ku fulati ija linali Lamulungu. Anabwera anthu ambiri kuposa kale lonse, nsapato zinadzaza mpaka pa lifiti, ena anakhala pansi, ena anaima m'khonde. Rajan anawafunditsa nsalu ija onse akuona, manja anaombedwa. Wina anayamba mawu a m'filimu, Bwana anakweza chala, chipinda chonse chinakhala chete kudikira. Ine ndinatuluka kukhitchini ndi katundu wanga, ndinadutsa kumbuyo kwa anthu, palibe anacheuka. Bwana sanandione. Sitinatsanzikane, ndipo sindinafune kuwadula, anali pantchito.

Ndinaima panja pa chitseko. Mawu awo ankamveka, okhuthala, opotoka pang'ono, kenaka anthu onse anamalizira limodzi. Chimene ankanena sindikuchidziwa mpaka lero. Lifiti inabwera, ndinaisiya ipite. Inabweranso, ndinalowa.

Ndathera pamenepa. Mulungu atisunge tonse, aliyense m'kachipinda kake.